Phulusa la M'mphepete mwa Mulu

Lachinayi, 6 Marichi

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachinayi kuchokera pakhomo, pafupi ndi windo losatsekeka bwino. Kutentha kwa thupi 39.6. Kumsana chakumanja kukupweteka ngati wina wabisako mwala wamoto. Adokotala akuti matenda alowa mu impso ndipo ndinachedwa kubwera. Sindinatsutse. Ndakhala masiku asanu ndikumeza mapiritsi amutu n'kumapita kuntchito.

Diripu kudzanja lamanzere. Jakisoni wa seftriakisoni kamodzi pa tsiku, kudzera pa kanyula, kachubu kamene andiika mumtsempha. Bambo a ana andibweretsera kope ili ndi bolopeni. Akuti munthu wozolowera kulemba manambala ukamusiya manja lende amayamba matenda ena.

Lachisanu, 7 Marichi

39.1. Ndasanza kawiri.

Zotsatira za magazi: kiriyatinini 312. Adokotala andifotokozera kuti ndi zinyalala zimene impso zimasefa m'magazi, ndipo kwa mayi wabwinobwino siziyenera kupyola 90 kwambiri. Mkodzo wonse ndiziika m'jagi ya mizere, anamwino azilemba. Ndachita manyazi poyamba, kenaka ndaona kuti aliyense muno ali ndi jagi yake pansi pa bedi.

Chodabwitsa n'chakuti nditamva nambala mtima unakhalako pansi. Chinthu chimene chili ndi nambala chili ndi malire ake.

Loweruka, 8 Marichi

38.4. Lero ndakhala tsonga.

Kumanja kwanga kuli mayi wina wa matenda a shuga, ali ndi bala kuphazi. Onse amawatcha Atelala chifukwa ndiyo ntchito yawo, ndipo salekanso ngakhale pabedi: wophunzira unamwino aliyense akadutsa amamuyang'ana mpendero wa diresi n'kupukusa mutu. Akhala muno milungu itatu. Ndiwo andiuza kuti tiyi wa m'mawa ukamufuna wotentha uzikhala utagwira kale kapu ngolo isanalowe, ndiponso kuti namwino wamkulu wa wodi ino dzina lake ndi a Sizitheka, chifukwa chilichonse chimene ungapemphe yankho lake limayambira pamenepo.

Anandifunsa ntchito yanga. Ndinawauza kuti ndimagwira mu labu ya fakitale ina imene maboyila ake amayaka ndi malasha, ndipo ndimayeza madzi otayidwa ndi phulusa.

"Mwananga, makolo anu anakutumizani ku yunivesite kukaphunzira phulusa? Ife timangokokolola n'kukataya kudzala, popanda digiri."

Wodi yonse inaseka, inenso ndinaseka mpaka msana unandikumbutsa. Ndinayesa kufotokoza. Phulusa la malasha si la nkhuni. Gawo lalikulu ndi zinthu zomwe zija zili mu mchenga ndi dongo: silika, aluminiyamu, chitsulo, laimu pang'ono. Zimenezo sizivuta. Zovuta ndi zochepachepa zimene malasha amakhala nazo kuchokera pansi pa nthaka: aseniki, seleniyamu, mtovu, boroni. Moto suzitha. Umangowotcha zina zonse n'kuzisiya zitaunjikana m'phulusa, makamaka lija losalala ngati ufa limene limagwidwa m'chumuni. Ndiye funso lathu silikhala lakuti zilimo kapena ayi. Zilimo. Funso ndi lakuti madzi akadutsamo amatenga zochuluka bwanji.

Atelala anati amva, ndi chimodzimodzi nsalu: zonse zili ndi utoto, koma pogula umafunsa ngati isuluka. Zaka zinayi za sukulu sindinamvepo munthu akuzinena bwino chonchi. Kuyambira pamenepo akunditcha Mayi Phulusa.

Apongozi anga anabwera masana ndi mpunga, msuzi wa nkhuku ndi nthochi. Anawapanikiza adokotala pakhonde kuti anene zoona, ngati si phulusa lakuntchito landidwalitsa. Adokotala anawauza kuti ndi tizilombo wamba ta m'chikhodzodzo timene tinakwera chifukwa chosamwa madzi ndi kuchedwa. Apongozi anabwerera osakhutira, n'kundithira madzi m'kapu, n'kuima pomwepo mpaka nditamaliza.

Lamulungu, 9 Marichi

37.9. Mkodzo 1,100 ml. Akuti ndi chiyambi chabwino.

Alendo adzaza wodi. Bambo a ana abwera ndi malalanje ndi kalata ya ana yojambula bedi lokhala ndi mateyala asanu ndi limodzi. Ana saloledwa kulowa. Akuti wamng'ono akufunsa ngati ndabwerekedwa kapena andigula.

Pocheza anandiuza kuti adutsa kuseri kwa fakitale, ndipo anthu akumeneko ayamba kale kulambula. Ndilembe nkhani imeneyi pano, chifukwa ndi chinthu chimodzi chimene ndimanyadira chaka chino.

Kuseri kwa mpanda wathu kuli nyumba zambiri zothithikana, ndipo pakati pake mvula inakumba chigwembe chachikulu chimene chinadula msewu. Ana opita kusukulu amazungulira kutali, ambulansi sifika. Komiti ya anthu akumeneko inapempha fakitale kuti iwapatse phulusa akwirire. Ife tili ndi mulu wa phulusa wotalika kuposa nyumba yosanja, umene umatisowetsa kotaya. Zinali ngati mphuno ndi fodya. Chimene chinatsala ndi pepala la labu lonena kuti phulusalo silingaipitse madzi, chifukwa kumunsi kwa chigwembecho kuli zitsime zitatu zokumba pamanja zimene anthu amamwa.

Pepalalo ndinasaina ndine, pa 28 Febuluwale. Kayezedwe kake: timaumitsa phulusa, gawo limodzi timalisakaniza ndi magawo khumi a madzi oyera, makina amakhutchumula maola 24, timasefa, madziwo timawatumiza ku labu yaikulu. Aseniki anatuluka 0.2 mg pa kilogalamu, pamene malire amene timatsatira ndi 0.5. Seleniyamu 0.04, malire 0.1. Zonse pansi. Malole ayamba kututa Lolemba pa 17.

Ntchito yanga nthawi zambiri imathera m'faelo. Aka n'koyamba kuti nambala yanga isanduke msewu.

Lolemba, 10 Marichi

M'mawa wophunzira wina ananditenga magazi. Anasowa mtsempha kudzanja lamanja, anabaya kawiri, thukuta lili kamukamu pamphumi. Ndinamumvera chisoni, ndinamuuza kuti ayese kumanzere kumene mitsempha ikuoneka. Anatenga pamwamba pang'ono pa diripu.

Masana adokotala wachinyamata anabwera akumwetulira: kiriyatinini 118. Anati sanaonepo impso zochira msanga chonchi, mawa nditha kutuluka ndi mapiritsi. Ndinaimbira bambo a ana. Apongozi anayamba kupinda zovala zanga. Atelala anati ndikakawasokerera pakhomo pawo adzandichotsera mtengo.

Kenaka a Sizitheka anafika ndi faelo. Ndi mayi wamfupi, wa imvi zoyambira pamphumi, sayenda mothamanga. Anawerenga pepala lija, anandikoka chikope chapansi, anandiyang'ana zikhatho. Anafunsa kuti magazi anatenga dzanja liti. Ndinawaonetsa.

"Sizitheka," anatero.

Anawaonetsa adokotala kuti papepala lomwelo magazi anga atsika kuchoka pa 11 kufika pa 6 m'masiku atatu, koma maso anga ndi ofiira bwinobwino ndipo sindikutaya magazi paliponse. Zonse zatsikira pamodzi chifukwa m'botolo munalowa madzi a diripu. Makina sananame, anayeza zimene anapatsidwa. Adokotala anakanda m'mutu n'kuvomera. Wophunzira uja a Sizitheka anamuitanira pambali, sanamukalipire pagulu. Magazi ananditenga okha kumanja, kamodzi kokha.

Apongozi anapindula zovala zija akung'ung'udza kuti anthu ena mwayi wa anzawo umawapweteka. Inenso ndinakhumudwa. Ndisabise.

Lachiwiri, 11 Marichi

Kiriyatinini 236. Magazi 10.8. Ndikhala mpaka masiku 14 a jakisoni akwane, ndiponso nambala itsike.

Ndikanatuluka lero ndi impso zogwira theka. Adokotala wamkulu ananena mosabisa kuti ndikanabwerera pa machira. Ndinawathokoza a Sizitheka akusintha diripu. Anangoti, "Kwezani dzanja." Apongozi anawabweretsera nthochi, iwo anakana, apongozi anazisiya patebulo lawo n'kuthawa.

Koma chimene chandisowetsa mtendere si chimenecho.

Madzulo ndimayang'ana madontho a diripu, ndipo ndinakumbukira chidebe cha sampulo ya phulusa lija. Linali lonyowa, lotuwa, logwirana zibuma. Ndikuliyala pa thireyi kuti liume ndinapezamo kaudzu kakang'ono, kobiriwira, ndi mizu yake yoyera. Ndinakatola ndi zala n'kukaponya mu bini, ndikuganiza za nkhomaliro.

Udzu sumera m'phulusa latsopano. Ndi lowawa kwambiri, limaotcha. Umamera m'phulusa limene mvula yalitsuka miyezi yambiri, m'mphepete mwa mulu. Ndipo aseniki ndi seleniyamu zosungunuka msanga zimakhala kunja kwa timibulu ta phulusa, ndizo zimayamba kuchoka ndi mvula. Kwathu madzi amenewo amatsikira pa simenti n'kulowa m'dziwe la fakitale, alibe vuto. Koma malole sadzatola m'mphepete. Katapila adzakumba m'kati mwa mulu, mmene mvula sinafikepo, n'kukathira pamwamba pa zitsime.

Mwina ndinayeza phulusa lochapa kale.

Lachitatu, 12 Marichi

37.2. Mkodzo 1,600 ml. Asuntha kanyula, dzanja linayamba kutupa.

Tsiku lonse ndadzitsutsa. Kaudzu kamodzi. Mwina kanagwera m'chidebe panjira. Mwina ndikukumbukira chidebe china cha chaka china. Munthu wotentha thupi amaona zambiri. Pa fomu ya sampulo pali mawu osindikiza kale akuti "malo asanu, kuya mita imodzi", ndipo pambali pake panali chizindikiro cha bolopeni monga mwa masiku onse. Ine ndani kuti ndikayikire fomu?

Komanso ndimadzidziwa. Ku yunivesite ndinkafufuta yankho lolondola n'kulemba lolakwa chifukwa choliyang'anitsa. Pamisonkhano ndimakonza chiganizo m'mutu mpaka nkhani itadutsa. Ndikayambitsa phokoso pano, n'kupezeka kuti phulusa ndi labwino, ndiye kuti ndachedwetsa msewu wa anthu chifukwa cha maloto a malungo, ndipo kuntchito sadzakhulupiriranso siginecha yanga.

Ndinawauza bambo a ana pa nthawi ya alendo, motsitsa mawu. Iwo ndi mphunzitsi wa masamu, sakonda nkhani zozungulira. Anasenda lalanje lonse, kenaka anandifunsa kuti amene anatenga sampuloyo ali moyo kapena anamwalira. Ndinati ali moyo. Anati nanga foni alibe?

"Mayi a ana, mukuzunzika ndi funso limene yankho lake lili m'thumba mwa munthu."

Nthawi zina amandikwiyitsa chifukwa cholondola msanga.

Lachinayi, 13 Marichi

Kiriyatinini 198.

Amene amatitengera masampulo ndi bambo wachikulire amene tonse timawatcha a Fosholo. Analowa ntchito ine ndili ku pulayimale. Ndinawaimbira itakwana teni, nthawi yawo ya tiyi. Anayamba ndi kundifunsa za matenda, za ana, za chakudya cha kuchipatala, ndipo anati labu yazizira ngati mwamwalira munthu. Ndinazungulira, ndinazungulira, kenaka ndinafunsa kuti sampulo ya chigwembe ija anaitenga pati.

Sanazengereze. Anati pamalo pa masiku onse, pakona ya kugeti, pamene wilibala imafika. Malo asanu, inde: masitepe awiri, fosholo, masitepe awiri, fosholo. Ndinafunsa za mita imodzi. Anaseka pang'ono. Anati pamwamba pa mulu munthu amatitimira mpaka m'mawondo, ndipo m'kati mumakhala motentha ngakhale patapita mlungu. Chitsulo chobowolera chinathyoka zaka zambiri zapitazo, anakanena, palibe anagula china. Amene anawaphunzitsa ntchito ankatenga pakona pomwepo. Chizindikiro pa fomu amaika chifukwa fomu yopanda chizindikiro timaibweza.

"Amayi, zaka zonsezi palibe wa mu labu anandifunsapo. Inu ndinu woyamba. Ndalakwa?"

Ndinawauza kuti sanalakwe iwo. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikulandira chidebe pawindo, mulu ndimauona pamtunda wa masitepe mazana awiri, sindinapiteko ndi tsiku limodzi lomwe. Pa masampulo a mwezi ndi mwezi, phulusa likungokhala pa simenti yathu, kulakwitsako sikunapweteke munthu. Pano likupita ku madzi akumwa.

Akanatha kunama. Akanangoti mita imodzi, ine ndikanagona tulo. Ndikuwathokoza.

Lachisanu, 14 Marichi

36.9, tsiku loyamba lopanda kutentha.

Ndalemba kalata kwa abwana, mkulu wa fakitale, pamapepala ong'amba m'kope lino. Katatu. Yoyamba inali ndi "mwina" kasanu ndi kamodzi. Yachiwiri inali yopepesa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Atelala anaitanitsa kuti aone, anawerenga atatalikitsa pepala, n'kunena kuti kalata imeneyi ili ngati diresi losokedwa ndi munthu woopa sizasi. Yachitatu ili ndi ziganizo zinayi: ndikuchotsa siginecha yanga pa lipoti la pa 28 Febuluwale; sampulo sinachokere m'kati mwa mulu; udindo woonetsetsa zimenezi unali wanga ndipo sindinauchite; ndikupempha kuti malole adikire mpaka tiyezenso.

Bambo a ana akaipereka pamanja pochokera kusukulu. Atanyamuka ndinafuna kuwathamangira ndi diripu yomwe.

Chakudya cha masana: mpunga, nyemba, kabichi. Ndamaliza mbale yonse osadziwa.

Loweruka, 15 Marichi

Abwana abwera okha, ndi jumbo ya maapozi. Sindinawaonepo opanda tayi. Anakhala pa kampando ka alendo, mawondo ali m'mwamba, n'kufunsa za impso mwaulemu. Kalata inali m'thumba la shati, ndimaiona.

Anayamba pang'onopang'ono. Anati munthu akagona m'chipatala amaganiza zambiri, iwonso zinawachitikirapo. Anati lipoti linapita kale ku ofesi yoona zachilengedwe ndipo analivomera. Malole anapangana nawo, komiti ya anthu aja inachititsa msonkhano, amayi akonza zodzaphikira madalaivala. Mvula ikagwanso kawiri chigwembe chifika pa nyumba yoyamba. Zonsezi ndi zoona, ndipo sanazinene moopseza. Kenaka anafunsa ngati ndili ndi umboni woti phulusa la m'kati ndi loipa.

Ndinati ndilibe. Ndinati chimene ndikudziwa n'chakuti ndilibenso umboni woti ndi labwino, ndipo pepala lija likunena kuti ndili nawo. Ndinawafotokozera kuti aseniki m'madzi samveka fungo, sasintha mtundu, munthu sagwa tsiku lomwelo. Malire a m'madzi akumwa ndi 0.01 mg pa lita, kanthu kosaoneka, chifukwa amapweteka pang'onopang'ono, patapita zaka, pakhungu ndi m'kati. Phulusa likalowa m'chigwembe palibe adzalifukule.

Anafunsa kuti nanga likapezeka labwino? Ndinati ndiye kuti ndawachedwetsa mlungu umodzi pachabe, ndipo achite nane zimene akufuna.

Atelala, amene ankanamizira kugona, anatsegula diso limodzi.

"Achimwene, ndikufunseni. Madzi a m'chitsimemo, inu mudzamwa nawo?"

Ndinafuna kulowa pansi pa bedi. Koma abwana anaseka, kuseka kwenikweni, n'kunena kuti muno muli maloya. Kenaka ananditembenukira. Malole awaimitsa mpaka Lachisanu. Lolemba katapila akakumba pakati pa mulu, a Fosholo atenge malo asanu, mnzanga wa mu labu akhale pomwepo. Anafunsanso ngati ndikutsimikiza kuti chiganizo chachitatu chikhale momwemo, poti chikalowa m'faelo yanga sichituluka, pamene akanatha kulemba kuti wotenga sampulo ndiye sanatsate fomu. Ndinati chikhale.

"Chabwino. Koma zikavuta, kwa anthu aja mukapita ndinu. Ine ndinakalonjeza, inu mukalandule."

Ndinavomera. Maapozi tagawana wodi yonse. Atelala atenga theka la apozi limodzi basi, chifukwa cha shuga.

Lamulungu, 16 Marichi

Ndatopa ngati ndalima. Ndagona pafupifupi tsiku lonse. Apongozi andisambitsa kumsana ndi kansalu kofunda. Ine mayi anga anapita kalekale. Sindinadziwe kuti ndinkazisowa.

Lolemba, 17 Marichi

Kiriyatinini 164. Mkodzo 1,900 ml.

Mvula inagwa m'mawa, yamphamvu. Ndinaima pawindo ndikuganiza za nyumba ija yoyandikira chigwembe. Lero likanakhala tsiku la malole.

Mnzanga wa mu labu watumiza uthenga: atenga, mita ziwiri m'kati, phulusa louma ndi lofunda, losalala ngati simenti. Akuti a Fosholo anavala ovolosi yochapa ngati akupita ku ukwati, ndipo ankalozera woyendetsa katapila ndi dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. Akuti kugeti kunabwera anthu a komiti, anaima ola lathunthu, anauzidwa kuti labu ikuonanso. Mmodzi anafunsa kuti labu ndi ndani.

Labu ndi ine, ndili pano ndi jagi ya mkodzo.

Lachiwiri, 18 Marichi

Atelala apita nawo ku fiyeta kukatsuka bala. Asanapite anandipatsa magalasi awo ndi kachikwama ka singano kuti ndisunge, akuti sakhulupirira adzukulu awo. Abwerako masana, chala chimodzi chachotsedwa koma phazi lapulumuka. Atatsitsimuka mawu oyamba anali akuti makina awo amapondera ndi phazi linalo, ndiye adokotala ataya nthawi.

Ndinalira pang'ono, iwo osaona.

Lachitatu, 19 Marichi

Jakisoni womaliza, wa nambala 14. Achotsa kanyula. Dzanja lapepuka mpaka ndikuliiwala.

Sampulo yatha kukhutchumulidwa, madzi apita ku labu yaikulu. Ndadzigwira ndikupemphera zinthu ziwiri zotsutsana. Theka la ine likufuna nambala zikhale pansi, anthu alandire msewu wawo. Theka lina likufuna zikhale pamwamba, kuti ndisaoneke chitsiru. Theka lachiwirili landichititsa manyazi, koma ndalilemba, chifukwa lilipo.

Wophunzira uja wabwera kudzanditenga magazi. Anapita kudzanja lamanja osauzidwa, ngakhale diripu kulibenso, ndipo anapeza mtsempha kamodzi. Tinayang'anana n'kumwetulira.

Lachinayi, 20 Marichi

Kiriyatinini 131. Adokotala wamkulu akuti ikutsika bwino, ndituluka Loweruka, ndidzabwerenso pakatha milungu iwiri kudzayezetsa. Madzi malita awiri pa tsiku. Mapiritsi opha ululu ogula m'sitolo ndisamwe osafunsa. Mwina impso sizibwerera mwakale ndendende, koma zindisunga.

Ndayenda khonde lonse kawiri, kupita ndi kubwera.

Lachisanu, 21 Marichi

Zabwera itangopitirira leveni. Mnzanga wajambula pepala n'kunditumizira.

Aseniki 1.9, malire 0.5. Seleniyamu 0.6, malire 0.1. Mtovu uli pansi. Boroni wakwera kwambiri kuyerekeza ndi poyamba. Masampulo onse asanu apyola, ngakhale wotsikitsitsa.

Ndinawerenga katatu. Ndimayembekeza kuti ndimva kupambana, koma sizinatero. Malole makumi anayi. Dzina langa pansi pake.

Abwana aimba masana. Analankhula mwachidule. Phulusa silipita kuchigwembe. Alembera ofesi ya zachilengedwe kubweza lipoti loyamba, ndipo kalata yanga ipita limodzi. Ndilandira chenjezo lolemba. Akufunsa ku kampani ina yoswa miyala ngati ingapereke zotsalira zake, koma sakulonjeza, ndipo ngakhale zitatheka si mwezi uno. Msonkhano ndi komiti auika Lachitatu la mlungu wa mawa, ngati ndingathe kuima. Ndinati ndidzaima, kapena ndidzakhala pampando. Asanadule anati, "Mwachita bwino kudwala." Kenaka anazindikira zimene anena n'kuyamba kupepesa, tonse tinaseka.

Anthu aja adzakwiya, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Analambula, anadikira, ana awo akuzungulirabe. Ndilibe msewu woti ndikawapatse. Ndikawauza zimene zili m'phulusa, zimene ndinalakwitsa, ndiponso kuti zitsime zawo zili monga zinalili. Ndayamba kulemba mawu ake kumapeto kwa kope lino, m'Chichewa chimene apongozi angamve. Ndawawerengera, andikonza malo awiri.

Loweruka, 22 Marichi

36.7. Kiriyatinini 122, ya dzanja loyenera.

Bambo a ana ali ku famase kukatenga mapiritsi, apongozi akupinda zovala kachiwiri, ulendo uno akuimba. Atelala andiyeza m'chiuno ndi chingwe cha bandeji, akuti ndaonda mainchesi awiri ndipo masiketi anga onse ndiwabweretse asanandichititse manyazi pamsonkhano. Atsala mlungu wina. Ndawasiyira kapu yanga, ndi yaikulu kuposa yawo. A Sizitheka ali pa ofu lero. Ndawasiyira kapepala patebulo, mizere iwiri, sindikudziwa ngati awerenga.

Ndikudikira, foni yalira. Uthenga wa a Fosholo, zilembo zazikulu zokhazokha, monga amalembera pa zidebe. Akuti abwana agula chitsulo chobowolera chatsopano, koma n'cholemera, chimafuna anthu awiri, wina kugwira wina kupotokola. Akuti sampulo ya mwezi wa mawa sakatenga okha. Ali kusitolo ya fakitale, akufunsa saizi ya phazi langa kuti andisainire magambutsi.

Ndayankha kuti faifi.